A Enoki ndi Galimoto Yogona Pachulu

A Enoki sankacheza pakhomo lopanda chulu. Limenelo linali lamulo, ndipo kuno kwa Mavwere analidziwa ndi ana omwe. Ukawaitanira ukwati, chinkhoswe, kaya nkhumba yowotchawotcha ili kale m'mbale, funso lawo linali limodzi: "Kwanuko chulu chilipo?" Ukati palibe, ankakuyang'ana mwachifundo ngati wawauza kuti kwanu kulibe chimbudzi. "Nanga kamtunda? Kotsetsereka pang'ono chabe?" Ukati kwathu n'kwathyathyathya ngati bwalo la mpira, basi, nkhumbayo udya wekha.

Inu obadwa dzulo, amene mwapeza magalimoto oliza ndi kabatani, muziyesa misala. Inali misala inde, koma yokhala ndi chifukwa. Galimoto ya a Enoki inalibe sitata. Inali pikapu yakalekale ya dizilo, ya fowilo, ija imakoka ndi matayala onse anayi. Anaitenga ku esiteti ya fodya kumene ankagwira umakaniko, esitetiyo itagwa, ndipo sitata yake inafa galimotoyo ikadali ya eni ake. Ena amati inafa nthawi ya chipani chimodzi. Ine ndimati inanyowa m'chigumula cha Nowa. Kuti ilire inkafuna kutsetsereka kaye: uike giya yachiwiri, uponde kilatchi, ithamange yokha, kenako usiye kilatchi mwadzidzidzi kuti injini idzidzimuke. Ndiye paliponse pamene a Enoki akufuna kuima, ankakwera chulu chafutambuyo, mphuno kuloza kumunsi, n'kukoka kawaya kozimitsira, n'kutsika kukaika mwala kutayala.

Chulu chilichonse kuchokera ku Ludzi mpaka ku Dambe ankachidziwa ngati wachibale. Ankatha kukuuza kuti ichi n'chachangu, icho n'chaulesi, chija cha kusukulu chimafuna anthu okankha. Lamlungu ankapita kutchalitchi pagalimoto, koma chulu chabwino chinali patali kwambiri, moti ulendo wapansi wochoka pagalimoto kukafika kutchalitchi unkaposa wochoka kunyumba. Anthu oyenda wapansi ankawapeza akupukuta thukuta pakhomo, nyimbo yoyamba itatha.

Galimotoyo sankaitchula kuti galimoto. Inali a Najere. "A Najere adzuka ndi chifuwa lero." "A Najere sayenda usiku, ndi mayi waulemu wake." Choonadi chake chinali chakuti nyali zinafa, koma ulemu umamveka bwino kuposa waya wopsa. Zitseko ankamanga ndi linya. Hutala inali dzanja lawo, ankangomenya chitseko kunja. Thanki inabooka kale, dizilo ankakhala m'chigubu pampando wakutsogolo, kapaipi kakulowa pansi, ndipo wokwera kutsogolo ankafukata chigubucho ngati mwana wobatiza. Mwini wake anali bambo wamfupi, wa mawu ofatsa, wovala ovolosi imene akaivula inkaima yokha pakona. Oyilo anali wambiri mu ovolosimo kuposa mu injini. A Najere akauma pakhosi panjira, a Enoki ankangovula n'kufinyira momwemo.

Tsono munthu amene anasenza mtanda wa zonsezi ndi a Tereza, akazi awo. A Enoki anali a ku Phalombe, anabwera kuno ndi ntchito, n'kukhala chikamwini pamalo a amayi a a Tereza. Kuseri kwa nyumbayo kunali chulu chimene sindinaonepo chinzake, chachikulu ngati tchalitchi cha kumudzi, chotsetsereka mwaulemu mpaka kumsewu. A Tereza ankanena poyera kuti amuna awo sanakwatire iwo.

"Tsiku lodzafunsira, ine anandiyang'ana kamodzi," ankatero akusenda mtedza. "Chulucho anachizungulira katatu, n'kukwera pamwamba. Potsika m'pamene anati, 'Chemwali, ndakukondani.'"

"Limenelo ndi bodza," mawu ankachokera pansi pa galimoto, pamene pankangooneka mapazi. "Ndinazungulira kawiri."

A Tereza ankafuna chinthu chimodzi pamoyo wawo: nyumba ya njerwa zowotcha. Imene ankakhalamo inali yomata, ya nthawi ya agogo awo, ndipo mvula ikamagwa ankasuntha mphasa usana wonse ngati akusewera bawo. Malata anagula kale, limodzilimodzi, ndi mtedza wa m'munda mwawo, n'kuwaimika kuchipinda. Chosowa chinali njerwa. Dothi la mbali yathu ino mukulidziwa, ndi mchenga wokhawokha, njerwa yake ukangoiyang'ana ndi diso loipa yanyenyeka. Dothi lomata, logwira, loti njerwa ilire ngati belu, linali malo amodzi okha pakhomopo. Ndipo pamalo amenewo pankagona a Najere.

Nkhondo yake inali yaulemu, yopanda kutukwana, koma inatha zaka zambiri kuposa maboma ena.

Choyamba n'chakuti khitchini ya a Tereza inasanduka sitolo ya sipeya. Poto wamkulu ankakhuthuliramo oyilo. Lichero linali la mabawuti. Mthiko unali woyezera dizilo m'chigubu. Lediyeta ikamadontha, a Enoki ankatapa ufa woyera n'kuthiramo, akuti umatseka zibowo, moti a Najere akatentha ankanunkhira phala. Gasiketi ankaidula pakatoni ndi lumo lometera ana.

"Abambo a Sheila, sefa yanga ili kuti?"

"A Najere abwereka. Dizilo wam'zigubu uyu ali ndi zinyalala."

"Nanga ufa ndisefera chiyani?"

"Yomweyo. Dizilo amapha anankafumbwe."

Ine thobwa la pakhomo pamenepo ndinamwapo. Ndinayenda wapansi mpaka pa Kamwendo osapuma, ndikutulutsa utsi, ndipo kuti ndiime anachita kundiikira mwala kuphazi.

Chaka china, mu Januwale, khoma la kuchipinda litanyowa mpaka kumera bowa, a Tereza anaitanitsa ankhoswe. Nkhoswe yawo inali achimwene awo, a Timoteyo, amene ankakhala tsidya la dambo. Dambo linali litadzaza, ngolo sinkadutsa, njinga ankachita kusenza pamutu. Anakawatenga ndani? A Enoki, pa a Najere. A Timoteyo anafika pamlandu atafukata chigubu cha woimbidwa mlandu.

A Tereza anayala nkhani bwinobwino. "Malo ano ndi a amayi. Chulu n'changa. Awa ndi akamwini, anabwera ndi sipanala basi. Anzanga onse ali m'nyumba za njerwa, ine ndikugona ndi achule."

"Alamu, mwamva?" anafunsa a Timoteyo.

"Ndamva, ndipo palibe bodza," anatero a Enoki, manja ali pamaondo. "Chulu n'chawo. Akafuna ayambe kugumula lero lomwe, ndiwatsitsa a Najere akhale pansi. Kungoti akakhala pansi sadzukanso. Inu alamu, kusambira mumatha?"

A Timoteyo anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada bii cha ku Zambia. Anakhosomola, n'kunena kuti nkhani za m'banja sathamanga nazo, tidzakambe mvula ikatha. Mvula itatha, a Timoteyo anali ndi mabelo a fodya ofuna kunyamula. Mabelo atatha anali ndi mtedza. Mlanduwo sunaweruzidwe mpaka lero.

A Tereza anaona kuti ankhoswe ndi okwera nawo, ndiye anaganiza zochiza nthenda pa muzu pake. Galimoto ikakhala ndi sitata, chulu n'chachiyani? Anagulitsa mtedza, n'kunyamuka ndi mnzawo a Imelda, ulendo wa ku Chipata. Kumeneko anafunsira mpaka anafika kwa bambo wina wogulitsa zitsulo zakale.

"Amai, ni sitata ya motoka yabwanji?"

"Yakale."

"Yakudala bwanji?"

"Yoti inu mukaiona muigwadire."

Anafotokoza mphuno yake, kulira kwake, ndi khalidwe lake loipa, mpaka bamboyo anazindikira, n'kukafukula pansi penipeni pa mulu wa zitsulo. A Tereza anabwera nayo atasenza pamutu, itakulungidwa m'chitenje chatsopano.

A Enoki anailandira ndi manja awiri. Anaitsuka, anaipaka girisi, anaimanga. Batire anabwereka kwa mnyamata woonetsa mafilimu pamsika. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona a Najere akudzuka pathyathyathya ngati magalimoto a anthu. Kiyi inasowa kalekale, ndiye a Enoki anagunditsa mawaya awiri. Sitata inazungulira inde, koma kulira kwake kunali ngati chigayo chimene chameza msomali. Agalu anathawa. Injini osagwedezeka n'komwe. A Enoki analowa pansi, anakhalako nthawi, n'kutuluka ndi nkhope yoyesetsa kuoneka yachisoni.

"Sitata ndi yabwino, amake Sheila. Mwagula chinthu. Koma muli gudumu m'katimu limene sitata imaluma kuti izungulitse injini. Mano ake anatha. A Najere angotsala nkhama zokhazokha."

"Manowo amagula kuti?"

"Amene ankapanga anamwalira."

Anyamata anakankha a Najere mpaka analira, n'kubwerera pachulu pawo. Sitata ija inathera padenga la khola la nkhuku, kupsinja udzu kuti mphepo isasasule.

Apa a Tereza anasiya njira za chilungamo. Chaka chotsatira, m'chilimwe, a Enoki anapita ku Dambe kukanyamula chimanga cha munthu, sipuling'i n'kuthyokera komweko. Uthenga unabwera woti achedwa, akusula ina kuchokera ku khasu la pulawo. A Tereza anaitana a Imelda ndi amayi a mphakati wawo. Anayamba kukumba chulu chakumbuyo, mbali yosaoneka kumsewu. Anaponda dothi akuimba nyimbo za kwaya motsitsa, anaumba, n'kuyanika kuseri kwa nkhokwe ataphimba ndi udzu. Maganizo awo anali akuti chulu n'chachikulu, munthu sangazindikire kuti chachepa.

Anaiwala kuti a Najere analibe galasi loonera kumbuyo. A Enoki ankakwera chulu chija ndi mtima, osacheuka, monga munthu amapezera pakamwa pake. Anafika masana, anakhota bwinobwino, anayamba kukwera chafutambuyo akuimba kamluzu. Matayala akumbuyo anafika pamene dothi linkakhala kale, n'kupeza mphepo. A Najere anakhala pansi ndi mimba, mphuno kuloza kumwamba ngati galu wopempha fupa. A Enoki anatsala m'katimo akuyang'ana mitambo. A Tereza anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

"Amake Sheila."

"Wawa."

"Chulu chafupika."

"Kapena ndi chiswe. Chikusamuka."

"Chiswe cha makasu?"

"Masiku ano chilichonse chikutukuka."

Amuna a m'mudzi anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, ndi mitengo, ndi jeke, ndi malangizo ambiri a anthu osagwira. A Enoki sanakalipe. Sanali munthu wokalipa. M'mawa mwake a Tereza anapita kudimba, ndipo pobwera anapeza njerwa zawo zonse zatuluka kuseri kwa nkhokwe. A Enoki anali atamanga nazo khoma lokongola kumbuyo kwa chulu, lowongoka ngati la banki, m'kati atathiramo dothi n'kutsendera.

"Dzanja lanu ndi loumba, amake Sheila," anatero a Enoki akusalaza ndi supuni yophikira. "Njerwa zimenezi sizigwa."

A Tereza anasiya kulankhula nawo. Akafuna kunena kanthu ankapita pachulu, n'kuima pamaso pa galimoto. "A Najere, auzeni amuna anu kuti madzi ali kubafa." A Enoki ankayankhira momwemo. "A Najere, muwathokoze." Banja linayenda choncho mpaka mvula yoyamba, ndipo anthu amati inali miyezi yamtendere kwambiri pakhomopo.

Mwina mukufunsa kuti, poti chulu chinali chawo, a Tereza analekeranji kungoitana anyamata n'kuchigwetsa chonse tsiku limodzi? Amene akufunsa choncho sanaone dambo lathu mlatho usanamangidwe. Kuyambira Khirisimasi mpaka chimanga kucha, mudzi uno unkakhala chilumba. Lole inkabwerera kutali. Ambulansi inkaima tsidya lija n'kumaliza hutala. Chinthu chokhacho chodutsa m'matope amenewo chinali a Najere. Odwala, maliro ochokera kuchipatala, feteleza wochedwa, amayi apakati, zonse zinkadutsa pamsana pawo. Ndipo akakhala mayi wapakati, a Tereza ankakwera nawo, chifukwa a Enoki ankaopa magazi kuposa njoka.

Ulendo umene anthu amaukumbukabe ndi wa Millicent, mtsikana wa mimba yoyamba, mwana wa matenanti a pa esiteti yapafupi, wopanda mbale aliyense kuno. Anamubweretsa pawilibala, mvula ikugwa cham'mawa, n'kumukweza mwa a Najere. Atafika m'mphepete mwa dambo a Enoki anaima, injini ikulira.

"Amake Sheila, mahabu."

Mahabu ndi tizitsulo ta pakati pa matayala akutsogolo, timene umapotokola ndi dzanja kuti matayala onse anayi ayambe kukoka. Mwini wake sakanatsika, chifukwa phazi likachoka pa moto injini ikanazima, ndipo m'dambo mulibe chulu. A Tereza anakwinya chitenje, analowa m'matope ofika m'maondo, anapotokola uku, anazungulira, anapotokola uko, n'kukwera kumbuyo kumene kunali Millicent. A Najere analowa m'madzi akubuula. Matope ankauluka kupitirira mitengo, ena anakagwa ku Chipata anthu n'kumadabwa. Pakati penipeni injini inayamba kutsamwa. A Enoki anayamba kuinyengerera ngati mwana wokana phala. "Pang'ono pokha, mayi. Musandichititse manyazi pamaso pa alendo." Kumbuyoko a Tereza ankanena mawu omwewo kwa Millicent. Onse awiri anamvera. Pokwera tsidya lija, kumbuyo kunamveka kulira kwa munthu watsopano. Anamutcha Lonjezo, koma mpaka lero, ndi ndevu zake, amangoti Fowilo.

Madzulo a tsiku limenelo a Tereza anatunga madzi okha, n'kutsuka kumbuyo kwa galimoto ndi sopo wawo wosambira. A Imelda anawamva akulankhula motsitsa.

"Mwagwira ntchito lero, anzanga. Koma chuluchi n'changa."

Zaka zinapita. Mlatho unamangidwa, msewu anathira miyala, anyamata a njinga zamoto anadzaza ngati inswa. Anthu anayamba kuona kuti kufukata chigubu n'kotopetsa. A Najere ankatsikabe m'mawa uliwonse, ngakhale popanda kopita, kuti magazi ayende. Mudzi wonse unkadziwa ndondomeko yake. Kumveka mwala ukuchotsedwa, kenako zitsulo kulira kwee, kwee, kenako kugudubuzika, kenako chiphokoso chimodzi chachikulu ndi utsi wakuda wophimba dzuwa. Nkhuku zinkaikira mazira ndi mantha. Ana a sukulu ankadziwa kuti nthawi yakwana.

Koma a Enoki anayamba kutupa miyendo. Nsapato zinakana, anayamba kuvala patapata wodula zingwe. Kulowa pansi pa galimoto ankalowa, potuluka ankachita kukokedwa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti mtima watopa. Iwo anabwera akunena kuti adokotala ndi makaniko wabwino, kungoti sipeya alibe.

M'mawa wina mu Juni, kukuzizira, a Tereza ali pakhonde kuthothola mtedza, anamva mwala ukuchotsedwa. Anamva kwee, kwee. Anamva kugudubuzika. Anadikira chiphokoso chija, dzanja lili m'malere. Mudzi wonse unadikira nawo. Sichinabwere. A Najere anatsetsereka mwakachetechete, anadutsa pakhomo, n'kukaima okha pansi pa mtengo wa mango, pathyathyathya penipeni. A Enoki anamasula linya la chitseko, anatsika pang'onopang'ono, anatola mwala n'kuika kutayala, ngakhale panalibe koti galimoto n'kuthawira.

A Tereza anafika akukutumula chitenje.

"Akana?"

"Sindinawafunse."

"Ndiitane anyamata akankhe?"

"Ayi. Uno ndi mwezi woumba njerwa. Mukachedwa, mvula idzakupezani pamawindo."

A Tereza anayang'ana chulu chopanda kanthu pamwamba. Anayang'ana mapazi a amuna awo. Anthu amene anaona akuti nkhope yawo sinali ya munthu wopambana mlandu.

"Kwezani galimotoyo."

"Amake Sheila."

"Ndati kwezani. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha, inu kukana. Lero wakupemphani ndani?"

"Mwendo wamanzerewu sukupondanso kilatchi. Dzulo ndinachita kuponda ndi ndodo."

"Ndiziponda ine."

"Inu ndi a Najere kutsogolo limodzi? Mudzamenyana tisanafike kumsewu."

A Enoki anaseka okha. A Tereza sanaseke. Anabwerera ku mtedza wawo, ndipo chulu chija sanachikhudze. Masiku anapita, mbuzi zinayamba kugona pamwamba pake, a Imelda anabwera ndi khasu n'kubwezedwa. Munthu amene analimbana ndi ankhoswe, anafika ku Chipata, anakumba mozemba ngati mbala, tsopano ankadutsa pachulu chake atayang'ana kumbali. Ankadziwa kuti chulu chikakhalapo, galimoto itha kukweranso, ndipo galimoto ikakwera ndiye kuti woyendetsa alipo.

Woyamba kugumula anali a Enoki. Tsiku lina anatenga khasu, anakwera chulu akupumira panjira, anafika pamwamba pamene matayala anasiya mikwasa, n'kugwetsa khasu kamodzi. Dothi limene linatuluka silikanadzaza chipewa. Anakhala pansi akupuma movutika. A Tereza anakwera, anaima pambali pawo.

"Perekani kuno," anatero. "Khasu simudziwa kugwira. Mukuligwira ngati sipanala."

Mawa lake anthu anabwera osaitanidwa. Anabwera amayi amene anachirira pamsana pa a Najere, amuna amene maliro a abale awo anaoloka dambo pagalimotoyo, a Timoteyo ndi ngolo yotungira madzi, Fowilo ndi chikombole chake. A Enoki anawaikira mpando pamthunzi, ndipo anasanduka foromani woopsa. Uvuni itapsa n'kuzizira, njerwa iliyonse ankafuna idutse m'manja mwawo. Ankaigogoda ndi sipanala, n'kuika kukhutu monga ankamverera injini. "Iyi ili bwino. Iyi ili ndi chifuwa, ipite kukhitchini." A Joe, mmisiri womanga, anatsala pang'ono kuthawa ntchito, chifukwa mzere uliwonse a Enoki ankauyeza ndi bawuti yomangirira ku ulusi.

"Madala, nyumba si injini," anadandaula a Joe.

"N'chifukwa chake muyenera kusamala. Injini ikalakwika umamasula. Awa akalowa m'nyumbamu, kumasula kulibe."

Makoma atafika pamwamba, mitengo ya denga itakwera, a Enoki anali atasiya kuyenda. Anapempha kuti awanyamule akaone m'kati. Anawagoneka pamphasa pabalaza, kumwamba kuli mbee, akuyang'ana makoma ofiira mbali zonse. A Tereza anakhala pambali pawo.

"Nyumba yabwino, amake Sheila."

"Mwachedwa nayo."

"Ndachedwa. Koma pansipa a Joe asalaza kwambiri. Akanapendeketsa pang'ono cha kukhomo, munthu ukafuna kudzuka uzingotsetsereka."

Anamwalira sabata yomweyo, mitambo yoyamba ikusonkhana. Amuna a m'mudzi anakhoma malata tsiku lomwelo, kuti maliro agone m'nyumba ya njerwa. Abale a ku Phalombe anabwera, nkhani inakambidwa, anavomera kuti munthu agone kuno kumene anakalambira.

Nthawi yonyamula bokosi itakwana, adzukulu anakonzeka kusenza pamapewa monga mwa nthawi zonse. A Tereza anatumiza mawu kudzera mwa a Imelda kuti awakweze mwa a Najere.

"Sangalire, mayi," anatero mkulu wa adzukulu atagwada pakhomo. "Chulu kulibe."

"Ndani wati alire? Mudzi uno ulipo munthu amene sanakankhepo galimoto imeneyo?"

Panalibe. Anapopa matayala ndi pampu ya njinga, anakweza bokosi, ndipo amuna onse anaika mapewa. Pachiwongolero anaikapo a Timoteyo, amene chibadwire anangoyendetsapo ngolo, moti njira yonse ankalankhula ndi okankha ngati ng'ombe. Anthu ankaimba nyimbo ya maliro, ena akubisa kumwetulira m'zitenje. Chakufupi ndi manda njira imatsetsereka pang'ono. A Najere anayamba kufulumira, okankha anayamba kutsalira, a Timoteyo pofuna buleki anagwira chitsulo cholakwika n'kukankhira m'giya. Galimoto inagwedezeka, inatsokomola kamodzi, chifuwa chakuya, n'kutulutsa utsi wakuda umene unakuta kwaya yonse ndi mayunifolomu awo oyera. Kenako inaima, pakhomo penipeni pa manda. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni. Utsi umenewo unandilowa m'maso, n'chifukwa chake anthu anandiona ndikupukuta nkhope.

A Najere anawakankha kubwerera pansi pa mango, ndipo ali pomwepo. Ogula zitsulo zakale amabwera ndi sikelo zawo, a Tereza amawapatsa madzi akumwa n'kuwaonetsa njira.

M'mawa kuno tsopano kumacha mwakachetechete. Palibe chimatidzidzimutsa, ndipo ena a ife timapezeka dzuwa latiwombera m'nyumba. Njinga zamoto zimadutsa zambiri, koma zonse zimalira mofanana, sungadziwe kuti uyu ndani, akupita kuti, wadwala ndani. Pamene panali chulu pali dzenje, mvula ikagwa abakha amasambamo. Kumwamba kwa mbali imeneyo kunakula, ndipo diso limasowa pokhala.

Chovuta n'chakuti pakamwa sipanazolowere. Mlendo akafunsa njira ya kusukulu kapena ya kuchigayo, timangoti, "Pitani chonchi, mukafika pachulu cha a Enoki mukhotere kumanja." Munthu amayenda, amabwerera, amazungulira, mpaka amakaima pa nyumba ya njerwa zofiira pamene pakhonde pakhala mayi wachikulire akusenda mtedza.

"Pepani amayi, akuti pali chulu chapafupi pano?"

A Tereza amamuyang'ana, n'kugogoda khoma kumbuyo kwawo ndi chikhatho.

"Mwafika. Ndi chino ndakhalamochi. Khoterani kumanja."